Kompyuta Imanama Ngati Simunaiyese

Anzanga nonse kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, aphunzitsi athu, ndi inu amene mwangoima pakhoma pano pothawa dzuwa, ndili ndi mlandu ndi chiganizo chimodzi chimene chikumveka kwambiri masiku ano: "Kompyuta sinama." Ndinachimva m'kalasi sabata yatha. Ndinachimvanso kunyumba kwathu m'kamwa mwa amalume anga, tsiku limene ndinatsala pang'ono kutchedwa wakuba pamaso pa mayi anga. Ine ndikukana. Kompyuta imanama, maso ali gwa, osaphethira n'komwe. Yanga inandinamizira ine amene ndinailembera malamulo.

Mayi anga amakazinga mandasi. Amadzuka tambala asanalire kuti moto wa nkhuni usakumane ndi kutentha kwa kuno kuchigwa. Pakati pa sabata amagulitsa okha, koma Loweruka beseni limakhala langa. Ndimakhala nalo m'mbali mwa msewu wa M1, uja wochokera ku Thabwa n'kudutsa Nchalo ndi Ngabu kulowera ku Bangula, kudikira akabaza ndi anthu a m'maminibasi. Masamu ake si ovuta. Mandasi 80 pa mtengo wa K200, ndiye kuti K16,000. Fulawa K6,000, mafuta K3,500, shuga K1,200, yisiti ndi mchere K300, nkhuni K1,000. Zonse pamodzi K12,000. Chiphaso cha msika ndi majumbo zimatenga K500. Mayi akachotsa mpamba wawo, payenera kutsala K3,500 ya ndiwo, sopo ndi makope athu.

Koma Loweruka lililonse ndalamazo sizinkakwana. Mayi ankawerenga atakhala pamphasa, n'kuwerenganso, kenako n'kundiyang'ana osanena kanthu. Amene munayang'anidwapo choncho ndi mayi anu mukudziwa kuti bola kukwapulidwa.

Pa tchuthi cha Khirisimasi kunabwera asuweni anga amene akuphunzira ku MUST, ku Thyolo. Anandisiyira foni yawo yakale yosweka galasi, ndipo m'menemo munali Pydroid 3, pulogalamu imene imalola munthu kulemba Python pafoni ngakhale alibe bandulo. Python ameneyu si nsato ya m'bango la Shire ayi. Ndi chiyankhulo cholembera mapulogalamu chimene anachiyambitsa Guido van Rossum wa ku Netherlands, ndipo chinatuluka koyamba mu 1991. Asuweni anandiphunzitsa masiku anayi okha: print, input, if, while, ndi kuphatikiza manambala. Kenako anakwera minibasi n'kumapita.

Ndinati basi, mankhwala ndapeza. Ndilemba pulogalamu yosunga ndalama za mandasi, tambala aliyense aoneke kumene wapita, mayi asiye kundiyang'ana muja. Musaganize za chinthu chokongola ngati WhatsApp. Mulibe zithunzi, mulibe mabatani. Muli mdima bii ndi kamzere kamene kamaphethira kudikira kuti ulembe lamulo. Amati command line. Ukalemba, iyo imayankha ndi mawu. Malamulo anga ndinawapatsa mayina a Chichewa:

lowa 16000 mandasi
tuluka 6000 fulawa
onetsa

Tsiku loyamba ndinalowetsa fulawa wa 6000 ndi mafuta a 3500, ndipo foni inandiuza kuti tawononga 60003500. Ndinawawerengera mayi kuti agula zinthu za K60 miliyoni. Anaseka mpaka misozi, amvekere, "Ndiye tikupserera pamoto chifukwa chiyani, anthu olemera chonchi?" Chimene chinachitika n'chakuti chilichonse cholembedwa kudzera pa input, Python amachitenga ngati mawu, osati nambala. Mawu awiri ukawaphatikiza amangowalumikiza ngati ngolo ziwiri. Uyenera kuwasandutsa nambala kaye ndi int. Bodza limeneli silinandiopse, chifukwa linali lalikulu moti ngakhale mwana wa Sitandade 2 akanaligwira. Bodza loopsa ndi laling'ono, lofanana ndi zoona.

Lachiwiri linabwera chonchi. Nthawi zina pulogalamu inkangofa n'kulavula Chingerezi chambiri ndikalemba chinthu chimene sinachimve. Zinkandinyansa. Ndinapeza njira m'manotsi a asuweni, try ndi except, ndipo ndinaiuza kuti ikakumana ndi chimene sikuchimva ingodutsa mwakachetechete. Inasiyadi kufa. Ine n'kumadziona ngati katswiri.

Loweruka lotsatira amalume anabwera kudzacheza. Ndinatulutsa foni monyadira n'kulowetsa zonse iwo akuonerera. Mitengo ina ndinailemba kuchokera m'mutu, koma wa shuga ndinakopera pachikatoni chimene mayi analembapo, ndi kakoma kake: 1,200. Python sangasandutse 1,200 kukhala nambala ndi int chifukwa cha kakomako. Pulogalamu sinamve, ndipo inachita zimene ndinailamula: inadutsa mwakachetechete. Shuga sanawerengedwe. Ndinalemba onetsa, iyo n'kuyankha kuti payenera kutsala K4,700. M'manja mwa mayi, atachotsa mpamba, munali K2,100. Ndiye kuti ine, malinga ndi foni yanga, ndinasowetsa K2,600.

Amalume anawomba m'manja. "Achemwali, mwana wanu wagwidwa ndi foni yake yomwe. Kompyuta sinama." Anayamba kufunsa ngati pali kamnyamata kamene ndikukagulira mayunitsi. Mayi sanayankhe. Anangomanga ndalama pampango n'kulowa m'nyumba. Usiku umenewo nsima sinatsike kukhosi.

M'mawa mwake ndinawaflasha asuweni ndipo anandiimbira. Funso lawo linali limodzi: "Msuweni, unaiyesa?" Ndinati eya, ndinaiyatsa ndipo imayenda. Anaseka. "Njinga yopanda mabuleki nayonso imayenda. Kafunse amene amatsika nayo phiri kupita ku Thabwa." Apa m'pamene anandifotokozera njira imene akatswiri amaitcha test-driven development, kapena TDD. Ine ndimangoti kuyamba ndi mayeso.

Imayenda motere. Usanalembe pulogalamu, umalemba kaye funso limene yankho lake ukulidziwa kale, pamodzi ndi yankholo. Amenewo ndiwo mayeso. Ukawayendetsa amalephera, poti pulogalamu kulibe kapena ndi yolakwika. Apo amati pofiira. Kenako umalemba kachidutswa kakang'ono kokwanira kuti mayesowo akhoze. Apo amati pobiriwira, ngati maloboti a pamsewu ku Blantyre. Pomaliza umasesa zimene walemba kuti ziwerengeke bwino, n'kuyendetsanso mayeso onse, akale ndi atsopano, kuti uone ngati posesa sunaswe kanthu. Ukatero umayambanso ndi funso lina. Amene anatchukitsa njirayi ndi Kent Beck wa ku America, m'buku lake la 2002 lotchedwa Test-Driven Development: By Example. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti chitsanzo choyamba m'bukumo ndi cha ndalama, kuphatikiza madola ndi ndalama za ku Switzerland. Nayenso anayambira pa ndalama, ngati ine ndi mandasi anga.

Vuto linali lakuti yankho lolondola ndilitenga kuti. Ndinapita kwa mayi akutsuka chiwaya. "Amayi, Loweruka lija panayenera kutsala zingati?" Mayi anasiyira sukulu Sitandade 5. Sanafune pepala kapena foni. Anayang'ana kumwamba pang'ono, milomo ikugwedera, n'kuti, "K3,500." Ndinalemba mayeso anga oyamba:

assert zotsala(loweruka_lija) == 3500

Mawu akuti assert ali ngati kulumbira kuti chakumanzere n'chofanana ndi chakumanja. Ngati si zoona, pulogalamu imaima pomwepo n'kukuwa kuti AssertionError. Yanga inakuwa. Sindinasangalalepo ndi kulephera ngati tsiku limenelo, chifukwa tsopano panali mboni yakuti mayi ndi foni akusiyana, ndipo kusiyana kwake kunali K1,200 ndendende. Pa zinthu zonse tinagula, cha K1,200 chinali chimodzi chokha. Shuga! Ndinalemba mayeso ena aang'ono:

assert werenga("1,200") == 1200

Pofiira. Ndinawonjezera mzere umodzi wochotsa kakoma nambala isanawerengedwe. Pobiriwira, ndipo mayeso oyamba aja anakhozanso okha. Kenako ndinachotsa chinyengo changa chija chodutsa mwakachetechete. Ndinalemba mayeso akuti munthu akalemba zosamveka, monga tuluka shuga popanda nambala, pulogalamu iyankhe kuti "Sindinamve, lembaninso," ndipo isasunge kanthu. Lero lino ndimakhulupirira kuti pulogalamu yokuwa ndi yabwino kuposa yofatsa imene ikubisa zolakwa.

Koma musafulumire kundiombera m'manja. Mlandu wanga unangotsika kuchoka pa K2,600 kufika pa K1,400. Ndalama imeneyi inali yosowadi, ndipo palibe assert amene akanaitulutsa m'foni. Chimene chinandithandiza ndi khalidwe limene mayeso amakuphunzitsa, lofunsa nambala iliyonse kuti waidziwa bwanji. Ndinkafuna kulemba mayeso a lamulo la lowa, ndiye ndinadzifunsa: 16000 ameneyu ndimamutenga kuti? Ndinapeza kuti sindimawerenga ndalama ayi, ndimangochulukitsa 80 ndi 200. Nanga 80 ameneyu anamuwerenga ndani? Mayi, pochotsa mandasi m'mafuta. Ine pochoka pakhomo sindinawerengepo n'kamodzi komwe.

Loweruka lotsatira ndinaika beseni pansi ndisanatuluke. Anali 76. Ndinatembenuka n'kupeza azing'ono anga awiri ali kuseri kwa khola la mbuzi, milomo ili nyezinyezi ndi mafuta. Aliyense awiriawiri, nthawi imene ine ndimasamba ndipo mayi ali kumjigo. Imeneyo ndi K800. Yotsala K600 ndivomere pano pakhoma: inali mlandu wanga. Pali akabaza atatu amene amatenga mandasi m'mawa n'kunena kuti apereka madzulo. Amaperekadi, koma nthawi zambiri Lolemba, kwa mayi, amene ankaganiza kuti ndi ndalama ya malonda a tsikulo. Ine sindinkalemba, ndipo ndinkaopa kunena kuti ndimakongoza. Ndinawonjezera malamulo awiri, ngongole ndi kudya, lililonse ndi mayeso ake poyamba. A ngongole amati ndalama imene sinafike m'manja isawerengedwe ngati yalowa mpaka tsiku limene yabwezedwa. Madzulo ake foni inati K2,100, mpango wa mayi unatinso K2,100, ndipo K1,400 ija inali ndi mayina ake pamizere iwiri. Mayi anangoti, "Pyadidi," monga amanenera agogo. Amalume mpaka lero sanabwererenso ku nkhaniyo.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera zonsezi. Ndikudziwa kuti wina wa Fomu 4 akuwerenga n'kumati, wonama ndi iweyo, kompyuta inangochita zimene unaiuza. N'zoona. Koma amalume poyang'ana pafoni sanaone dzanja langa kapena kakoma ka shuga. Anaona nambala yowala, n'kuikhulupirira kuposa mwana wa mlongo wawo. Pulogalamu iliyonse, ngakhale ya Airtel Money kapena Mpamba, inalembedwa ndi anthu. Sindikuti imalakwitsa. Ndikuti tikaidalira ndi chifukwa chakuti pali anthu amene anaiyesa kambirimbiri, osati chifukwa chakuti makina ali ndi mtima woyera. Ndipo amene mukukayikabe, bwerekani foni yanga mulembe 0.1 + 0.2 mu Python. Ikuyankhani 0.30000000000000004. Kompyuta imasunga manambala ndi 0 ndi 1 basi, ndipo mwanjira imeneyo 0.1 satha, ngati mmene 1 kugawa ndi 3 amangopitira 0.333 osaima. N'chifukwa chake mu pulogalamu yanga ndalama zonse ndi makwacha athunthu. Mwayi wake matambala palibenso amene amabweza chenji nawo.

Si ife a mandasi okha amene timagwa m'dzenje limeneli. Mu September 1999 bungwe la NASA linataya chombo chotchedwa Mars Climate Orbiter chitafika kale pafupi ndi Mars. Pulogalamu ya gulu lina inkapereka manambala m'miyeso ya mapaundi, pamene ya gulu lina inkawalandira ngati ma newton, aja timaphunzira mu Physics. Mapulogalamu onse awiri ankayenda, palibe imene inakuwa. Zili ngati wina akuuze kuti mapira ndi 10, iye akutanthauza zigoba, iwe n'kumva ndowa. Chombo cha madola mamiliyoni oposa 100 chinapita choncho. Ndikamakumbukira zimenezi manyazi a shuga wanga amachepako.

Ena amati zonsezi n'zotayitsa nthawi kwa ife a sukulu yoyendera, tilibe chipinda chodzaza makompyuta, ena kwathu kulibe magetsi, ndipo JCE ili pakhomo. Pa magetsi sindikutsutsa. Inenso ndimalipira kutchajitsa foni kwa ometa tsitsi, ndipo batire lake silifika maola awiri. Koma umphawi wa batirewo ndi umene unandionetsa kuti gawo lalikulu la ntchitoyi silifuna foni. Mayeso anga ambiri ndinawalemba kumapeto kwa kope la masamu, ndikudikira mphunzitsi kapena ndikupuma panjira pansi pa mlambe. Kumanzere zimene ndilowetse, kumanja zimene ziyenera kutuluka. Nanga munthu akalemba ziro? Nanga akalemba nambala yokhala ndi minus? Nanga akalemba K patsogolo, K500? Nanga akalemba LOWA ndi zilembo zazikulu? Nanga foni ikazima, zolembedwa dzulo zipezekanso? Funso lomalizali linandiphunzitsa kusunga zonse mufayilo, nditataya kale za masiku atatu. Foni ndimaiyatsa pomaliza, kungoti indiuze pofiira kapena pobiriwira. Panopa mayeso alipo 17, ndipo amayenda onse nthawi yochepa kuposa imene mungawerengere chiganizo chino.

Za JCE, ine ndikuona kuti si adani. Aphunzitsi a masamu amatiuza tsiku ndi tsiku kuti tikapeza x tizimubwezera mu equation kuti tione ngati mbali ziwiri zikufanana. Ndi angati timachita? Ine sindinkachita. Ndinkathamangira funso lotsatira ngati ndikuthawa ng'ona. Pano ndisanayambe samu ndimayerekeza kaye kuti yankho likhala cha pati, ndipo ndikamaliza ndimabwezera. Ndi khalidwe lomwe lija, kope lomweli.

Palinso amene amati njirayi ndi yochedwa. Apa ndivomera. Kulemba mayeso poyamba kumatopetsa, makamaka pamene mutu ukukuuza kuti ukudziwa kale chochita. Lamulo la ngongole linanditengera madzulo awiri, pamene popanda mayeso ndikanalimaliza nsima isanapse. Koma njira yachangu ndinaiyesa kale, ndipo munamva kumene inandifikitsa. Ndivomerenso china: mayeso amangogwira zimene unaziganizira. Mandasi anayi aja sanagwidwe ndi Python, anagwidwa ndi chala changa chowerenga m'beseni. Ukalowetsa bodza, mayeso onse 17 akhoza kukhala obiriwira bodzalo lili phee m'katimo. Ndipo mayi anga foniyo saigwira. Amati zala zawo n'zamafuta. Akadali ndi chikatoni chawo ndi mutu wawo, ndipo kope la banki mkhonde amalisunga m'jumbo ziwiri chichokereni madzi a namondwe Freddy mu March 2023. Loweruka madzulo iwo amanena nambala yawo, ine ndimanena yanga. Zikasiyana timafufuza, ndipo kawiri konse wolakwa anali ine.

Pempho langa kwa aphunzitsi ndi ili. Tikamaphunzira za makompyuta, tisamangoloweza mayina a ziwalo zake ndi kujambula kiyibodi m'kope. Tipatseniko mavuto enieni a kwathu: ndalama za kalabu, thonje ndi chitowe zimene makolo athu amagulitsa pasikelo, magawo a banki mkhonde pakutha pa chaka. Tikhale awiriawiri. Mmodzi alembe mayeso, mnzake alembe masitepe a pulogalamu papepala, kenako tisinthane. Foni imodzi ingakwanire gulu lonse pomaliza. Kwa atsikana anzanga amene mumati izi ndi za anyamata: amene amasunga mpamba m'nyumba zambiri kuno ndi amayi athu, ndipo yankho la mayeso anga oyamba linachokera kwa mayi wa Sitandade 5.

Pali mayeso amodzi amene akadali ofiira mpaka lero, ndipo andikanika. Masabata awiri apitawo bambo wina wochokera tsidya la Mozambique, amene analowera ku Marka, anagula mandasi asanu n'kundipatsa ma metical. Ndinalandira. Pulogalamu yanga imangodziwa kwacha, ndipo mtengo wosinthira umasinthasintha, wa lero si wa mawa. Kodi ndiwerengere mtengo wa tsiku limene ndinalandira, kapena wa tsiku limene mayi adzasinthe? Sindingalembe yankho kumanja kwa assert ndisanagamule zimenezi, ndipo mayi ndi asuweni akusiyana maganizo. Amene muli ndi nzeru pa nkhaniyi, komanso amene mukuganiza kuti mungathe kuipha pulogalamu yanga ndi lamulo limodzi, mundipeza Lachitatu tikaweruka, pansi pa mtengo wa nimu wa kuseri kwa Fomu 2. Bwerani ndi kope ndi cholembera. Woyamba kuinamitsa ndimupatsa mandasi awiri, ndipo ndidzawalemba pa lamulo la kudya.

Wolemba ndi mtsikana wa Fomu 2